Gasiketi ikapsa, hedi ipite kaye kukayezedwa

Utsi woyera ukutuluka ku ekizozi, madzi akutha mu rediyeta popanda pomwe akudontha, ndipo oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Zikatere, dziwani kuti gasiketi ya pakati pa hedi ndi buloko yapsa, moti madzi, oilo ndi mpweya wamoto zikusakanikirana.

Ntchito yosintha gasiketiyi ndimaigwira pakhomo, ndipo nanunso mungathe ngati muli odekha. Injini izizire kaye. Chotsani batire, khetsani madzi ndi oilo, ikani zizindikiro pa timing musanamasule kanthu. Mabawuti a hedi amamasulidwa pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Pomanga mumayambira pakati.

Pamene anthu ambiri amagwera ndi pa hedi penipenipo. Hedi ya aluminiyamu ikatentha kwambiri imapindika, koma diso silingaone. Pa mainjini ambiri a Toyota malire ake ndi mamilimita 0.05 basi. Ipititseni kwa amakina akaiyeze, ndipo ngati yapindika aipale. Mukakana kulipira pamenepo, gasiketi yatsopanoyo ipsanso posachedwa. Pomanga gwiritsani torque wrench motsata buku la galimotoyo. Zomanga ndi mphamvu za mkono, ati "ndikumva kuti yagwira", ine sindizikhulupirira. Mabawuti ena amatamuka akamangidwa kamodzi, choncho gulani atsopano.

Komatu gasiketi nthawi zambiri siipsa yokha. Fufuzani chimene chinatenthetsa injini: fani, pampu ya madzi kapena rediyeta yotsekeka. Ndipo ngati wina anachotsamo thermostat, monga amakondera amakaniko ena kuno kwathu, ibwezereni musanalize galimoto.