Tsogolo limabwera lokha?

Mawu a Chijeremani akuti Zukunft amandisangalatsa. Amatanthauza tsogolo, koma ukawaphwanya upeza kuti tsinde lake ndi kommen, kubwera. Afalansa nawonso amati avenir, kuchokera ku à venir, chimene chikudza. Kwa iwowa tsogolo ndi mlendo amene ali m'njira, iwe ungosesa pabwalo. A ku Sweden amati framtid, nthawi yakutsogolo, monga ife.

Koma a ku Finland ndiwo amandidabwitsa. Mneni wawo sasintha polankhula zam'tsogolo. Amangoti "ndikupita mawa", basi, mawu akuti mawa n'kusenza katundu yense. Ife tili ndi -dza- wa mu "ndidzalima", yemwe ndi kudza komwe kuja, kubwera, kutabisala m'kati mwa mneni.