Za Fumbi m'Cipinda ca Zidole ndi Zifaniziro za Khola

Pa mishoni zambiri ndi m'masukulu ena a kumidzi muli kacipinda m'mene timasungiramo zifaniziro za khola la Krisimasi, pamodzi ndi zidole zimene ana athu aumba ndi manja ao: ng'ombe za dothi, magalimoto a waya, ana a nsalu ndi a zitsononkho. Tiopa mbala ndi ciswe, ndipo ticita bwino. Koma cimene cimaononga zinthu izi koposa ndico fumbi, pakuti limalowa tsiku ndi tsiku popanda woliletsa.

Mwambo wa khola ndi wakale. Francis woyera wa ku Assisi anakonza khola ku Greccio caka ca 1223, ndi udzu, ng'ombe ndi bulu amoyo. Pambuyo pace anthu anazolowera kuumba tianthu tating'ono, makamaka ku Naples m'zaka za ma 1700: mutu wa dothi lootcha, maso a galasi, thupi la waya wokulungidwa ndi luzi, zobvala za silika. Khola lalikuru la Cuciniello, limene linatsegulidwa m'nyumba ya San Martino mu 1879, likalipobe, cifukwa osunga ace salilekerera. Zathu n'zosauka pozilinganiza ndi zimenezo, koma zinagulidwa ndi copereka ca makolo athu, ndipo mbusa mmodzi akasweka sitidziwa kumene tidzapeza mnzace.

Fumbi si dothi lokha ai. Muli mcenga wosalala, mwaye wa nyali ndi wa makandulo, phulusa la lupsa, tiulusi ta zobvala zathu, ngakhale mfundu za khungu lathu lomwe. M'cilimwe, kuyambira Ogasiti kufikira Novembala, mphepo ndi akabvulubvulu alilowetsa pa mazenera ndi pansi pa citseko. Tsono dzinja likafika fumbilo limamwa cinyezi ca m'mlengalenga, ndi kumamatira pa utoto monga phala louma pa mbale. Apo cuku cimamera, waya ndi citini zicita dzimbiri, njenjete ndi mphemvu zipeza cakudya m'zobvala za zidole. Cifukwa cace nchito yaikuru iyenera kutha mvula yoyamba isanagwe.

Kuletsa fumbi kuposa kulipukuta, pakuti kupukuta kuli konse kumacotsako utoto pang'ono. Kabati ya galasi yotsekeka bwino ndiyo yopambana zonse. Amene alibe, aike zidole pa alumali yotalika kuposa m'cuuno mwa munthu, kutali ndi khomo, ndi kuzipfunda ndi nsalu yoyera ya thonje yocapidwa. Matumba a pulasitiki sitiwakonda, cifukwa amatsekera cinyezi m'kati. Ngati denga liri la udzu, mangani mphasa kunsi kwace kuti zinyalala zisagwere pa zifaniziro. Pansi pazikhala pozira bwino kapena pa simenti, ndi ciguduli pakhomo copukutira mapazi. Alendo ndiwo amadza ndi fumbi lambiri ku mapazi ndi ku zobvala. Cotero ana alowe owerengeka, naime patali pang'ono, asadzazane onse nthawi imodzi monga amacita Misa itatha.

Amai ena acangu amalowa ndi tsace louma m'mamawa, nasesa mwamphamvu kufikira cipinda conse cicita utsi. Mtima wao ndi wabwino, koma fumbi limene alidzutsa pansi likatera pa nkhope ya Maria ndi Yosefe. Wazani madzi pang'ono musanasese, kapena kolopani ndi cisanza conyowa, zidole ziri zopfundidwa.

Pa zidole zenizenizo madzi asafikepo. Ng'ombe ya dothi losaotcha imasungunuka, cifaniziro ca pulasitala cimamwa madzi ndi kusanduka mathotho-mathotho osacoka. Musapake mafuta kapena parafini kuti ziwale, pakuti mafuta amagwira fumbi lina. Musauzire ndi pakamwa, mpweya wathu uli ndi malobvu. Nthenga za nkhuku nazonso zimakala ndi kukola tizinthu tating'ono. Tengani burashi yofewa, yonga ija yopentera zithunzi, turutsani cidole cimodzi-cimodzi pa thebulo loyalidwa nsalu, mucigwire pa thupi, osati pa mutu kapena pa dzanja, ndi kusesa pang'onopang'ono kucokera pamwamba kutsikira pansi. Pamene utoto wayamba kukanganuka, palekeni osakhudza. Kumene kuli magetsi ndi makina okoka fumbi, mangani kansalu kopyapyala pa kamwa la paipi yace, kuti kamkanda kakathothoka kasamezedwe.

Tikumbutsenso makolo zinthu ziwiri. Zidole zina zakale za ku Ulaya, monga tiasilikari ta citsulo, ziri ndi mtobvu wa poizoni m'thupi kapena mu utoto wace. Mwana asaziike m'kamwa, ndipo wozipukuta asambe m'manja asanadye. Ana a celluloid, opepuka aja, amagwira moto msanga kwambiri, cotero kandulo isayandikire. Mwana wodwala mphumu asakhalepo pa tsiku lopukuta.

Pa Adventi, musanamange khola, onani cifaniziro ciri conse. Nyengo ya Krisimasi ikatha, cisesedwe ndi burashi cisanalowe m'bokosi, cikulungidwe pa cokha m'nsalu youma, ndipo bokosilo likhale pa njerwa, losatsamira cipupa, kuti ciswe cikayamba njira yace tiione msanga.