Younger Dryas

Younger Dryas ndi dzina la nthawi yozizira kwambiri yomwe inagwa mwadzidzidzi kumpoto kwa dziko lapansi zaka pafupifupi 12,900 zapitazo, n'kutha zaka pafupifupi 11,700 zapitazo. Inafika dziko litayamba kale kufunda pambuyo pa nthawi yomaliza ya madzi oundana, ndipo inatenga zaka pafupifupi 1,200. Asayansi ambiri amati inayamba chifukwa madzi a m'nyanja yamchere ya Atlantic anafooka pa kayendedwe kake. Nthawiyi imaphunziridwa kwambiri chifukwa imasonyeza kuti nyengo ikhoza kutembenuka m'zaka zochepa, zosakwana moyo wa munthu mmodzi.

Dzina

Dzinali linachokera ku kaduwa koyera kotchedwa Dryas octopetala, komwe kamamera m'mapiri ozizira ndi m'madera a Arctic. Mu 1901, Nikolaj Hartz ndi Vilhelm Milthers anafufuza dzenje lokumbamo dongo ku Allerød m'dziko la Denmark. Pansi anapeza dongo lokhala ndi masamba a kaduwaka, pakati panali zotsalira za mitengo yomwe imafuna malo ofundirako, ndipo pamwamba panalinso dongo la masamba a kaduwa komweko. Izi zinasonyeza kuti kunazizira, kenako kunafunda, kenako kunaziziranso. Dongo lapamwamba ndi lomwe linasanjikana pomaliza, n'chifukwa chake nthawi yake inatchedwa Younger, kutanthauza yaing'ono pa msinkhu.

Zomwe zinachitika

Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo, madzi oundana anakuta Canada, kumpoto kwa United States, Scandinavia ndi mbali yaikulu ya Britain. Madzi ochuluka anali ataundana pamtunda moti nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120. Zaka pafupifupi 14,700 zapitazo kumpoto kunafunda mofulumira, ndipo mitengo, nyama ndi anthu anayamba kulowa m'madera omwe madzi oundana anali atachoka.

Younger Dryas inadula kufundaku. Ku Ulaya nkhalango zinabwerera m'mbuyo, ndipo m'mapiri a Scotland madzi oundana anakulanso. Kusinthaku sikunali kofanana paliponse. Pomwe kumpoto kunkazizira, ku Antarctica kunkafunda pang'onopang'ono. Dera la mvula yambiri la pakati pa dziko linasunthira kummwera, choncho mvula inachepa kumadzulo kwa Africa ndi kum'mawa kwa Asia. Matope a pansi pa Nyanja ya Malawi akusonyeza kuti pa nthawiyo mphepo ya mpoto inkaomba kawirikawiri panyanjapo.

Kayendedwe ka madzi a Atlantic

Madzi a Atlantic sakhala malo amodzi. Madzi ofunda a pamwamba amayenda kuchokera kumadera otentha kulowera kumpoto, ndipo gawo lodziwika la ulendowu ndi Gulf Stream. Ali m'njira, ena amauluka ngati nthunzi n'kusiya mchere, kotero otsalawo amakhala amchere wambiri. Akafika pafupi ndi Greenland, Iceland ndi Norway, amapereka kutentha kwawo ku mpweya n'kuzizira. Madzi ozizira komanso amchere wambiri amalemera, choncho amamira, n'kubwerera kummwera kudzera pansi pa nyanja. Kumira kumeneku kumathandiza kukoka madzi ena ofunda kuti abwere kumpoto. Asayansi amatchula kuzungulira konseku ndi dzina lachidule lakuti AMOC.

Madzi opanda mchere ndi opepuka. Akathiridwa ambiri kumpoto kwa Atlantic amayandama pamwamba ngati chivundikiro, ndipo kumira kumachepa. Kumira kukachepa, kutentha kobwera kumpoto kumachepanso, nyanja imaundana pamwamba m'nyengo yachisanu, ndipo madzi oundanawo amatsekereza kutentha kwa nyanja kuti kusafike ku mpweya. Kutentha komwe kukanapita kumpoto kumatsalira kummwera. Ichi ndi chifukwa chake Greenland ndi Antarctica zinasintha mosemphana.

Gwero la madzi opanda mchere

Madzi oundana a ku North America akusungunuka, m'mphepete mwake munapangika nyanja yaikulu yotchedwa Lake Agassiz. Poyamba madzi ake ankatsikira kummwera kudzera mu mtsinje wa Mississippi. Mu 1989, Wallace Broecker wa ku Columbia University ndi anzake anafotokoza kuti madzi oundana atabwerera m'mbuyo njira yatsopano inatseguka, ndipo madziwo anakhotera kum'mawa kudzera mu mtsinje wa St Lawrence n'kukathira kumpoto kwa Atlantic. Mu 2010, ofufuza ena anapeza zizindikiro za chigumula chachikulu kumathiriro a mtsinje wa Mackenzie, zomwe zikusonyeza kuti madziwo mwina analowera kumpoto, m'nyanja ya Arctic.

Palinso maganizo ena. Mu 2007, gulu la asayansi linati chinthu chochokera kuthambo chinaphulika pamwamba pa North America n'kuyambitsa kuzizirako, koma akatswiri ambiri sanakhutire ndi umboni wake.

Umboni

Umboni waukulu uli m'madzi oundana a ku Greenland. Chaka chilichonse chipale chofewa chimagwa n'kusanjikana pa cha chaka chatha, moti zigawo zake zimawerengeka ngati mizere ya m'thunthu la mtengo. Magulu awiri a ofufuza, GRIP ndi GISP2, anaboola madzi oundanawa mamita oposa 3,000, n'kumaliza mu 1992 ndi 1993. Anapeza kuti pakutha pa Younger Dryas, ku Greenland kunafunda ndi madigiri pafupifupi 10 m'zaka makumi ochepa. Richard Alley ndi anzake anasonyeza mu 1993 kuti chipale chofewa chogwa pachaka chinawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 3 zokha.

Umboni wina uli pansi pa nyanja. Matope okumbidwa pafupi ndi Bermuda, omwe zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2004, anasonyeza kuti madzi akuya a Atlantic ankayenda mofooka pa nthawiyo. Miyala yomera m'mapanga, monga phanga la Hulu ku China, imasunga mbiri ya mvula, ndipo mungu wa m'matope a nyanja umasonyeza zomera zomwe zinalipo.

Pambuyo pake

Kutha kwa Younger Dryas ndiko kumawerengedwa kukhala chiyambi cha Holocene, nthawi yofunda yomwe ulimi unafalikira. Zaka pafupifupi 8,200 zapitazo, madzi otsala a Lake Agassiz anakhuthukira mu Hudson Bay, ndipo kumpoto kunaziziranso, koma pang'ono, kwa zaka pafupifupi 160.

Masiku ano

Madzi oundana a ku Greenland akusungunuka chifukwa cha kutentha kwa dziko, ndipo akuthira madzi opanda mchere pafupi ndi malo omwe madzi a Atlantic amamira. Kuyambira 2004, zipangizo za ntchito yotchedwa RAPID zakhala zikuyeza mphamvu ya AMOC pakati pa Florida ndi zilumba za Canary. Lipoti la bungwe la IPCC la mu 2021 linati n'zotheka kwambiri kuti AMOC ifooka chisanafike chaka cha 2100, ngakhale kuti silikuyembekezera kuti iima mwadzidzidzi m'zaka zimenezi. Linachenjezanso kuti itaima, mvula ya m'madera otentha ingasunthire kummwera, ndipo mvula yomwe alimi ambiri a ku Africa ndi Asia amadalira ingachepe.