Malata Akamadontha M'nyengo ya Cisanu

M'miyezi ya June ndi July, mabanja ambiri a ku Kanyama, Chawama, George ndi Mtendere amadzuka m'mamawa napeza mabulangeti atanyowa, pamene mvula inaleka kalekale. Madzi amakhala ali lendelende kunsi kwa malata ndi m'mphepete mwa tizibowo tolowetsa mpweya tija timacha maventi. Kodi madzi amenewa acokera kuti?

Yankho lake n'lakuti acokera m'nyumba momwemo. Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo usiku wa miyezi imeneyi malata amazizira msanga. Koma m'kati mwa nyumba mumadzaza nthunzi yocokera mumphika wa nyemba, m'zovala zoyanikidwa pacingwe, ndi m'kupuma kwa anthu. Munthu mmodzi akagona usiku wonse amatulutsa cinyontho cokwana pafupifupi kapu imodzi. Nanga banja la anthu asanu ndi awiri m'cipinda cimodzi? Nthunziyo ikakhudza lata lozizira imasanduka madzi, monga momwe mame amagwera paudzu.

Poona madonthowo, ndiponso poopa mphepo, ambiri amatseka maventi ndi nsanza kapena makatoni. Apa m'pamene vuto limakulira. Cinyontho cimasowa potulukira, makoma amacita nkhungu, malata amagwira dzimbiri, ndipo ana odwala cifuwa ca mphumu amavutika koposa.

Coopsa kwambiri ndi mbaula. Makala akamayaka m'cipinda cotsekedwa amatulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha, koma umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino kopitirira ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi nseru, kenaka amagona tulo tosadzukanso.

Tsono ticite ciani? Maventi akhale otsegula usiku ndi usana, makamaka amene ali pamakoma oyang'anizana, kuti mpweya uzidutsa. Ngati muopa udzudzu ndi fumbi, ikanipo sefa ya waya. Phikirani panja kapena pakhomo lotsegula, ndipo vundikirani miphika. Zovala ziumire padzuwa. Mbaula ituluke panja musanagone, ngakhale makala aoneke ngati azima. Kukaca tsegulani mazenera, pukutani ponyowa. Amene angathe aike siling'i, pakuti imaletsa nthunzi kufika pa malata.

Mukapeza wina wafooka pafupi ndi mbaula, tsegulani zitseko, mutulutseni panja, ndipo thamangirani naye kucipatala ca Kanyama, Matero, Chawama kapena ku UTH. Musataye nthawi ndi kum'mwetsa mkaka.

Moyo ndi mphatso imene Mulungu anatisungitsa. Pokumana m'miphakati yathu mwezi uno, tikumbutsane nkhaniyi, ndipo tiyendere agogo ndi amasiye amene amagona okha. Amene ali ndi mabulangeti awiri abwereke limodzi kwa mnansi wake, kuti asagone ndi mbaula.