Kodi mumadziwa? Mzere umodzi, mizere iwiri: kudziyeza wekha uli pa PrEP

Kodi mumadziwa kuti kachida kodziyezera wekha HIV kanayamba kukhulupirika padziko lonse chifukwa cha zimene zinachitika kuno kwathu? Mu 2010 akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome Trust, pamodzi ndi Augustine Choko ndi Liz Corbett, anapatsa anthu wamba a mumzinda wa Blantyre tizidati kuti adziyeze okha, ndipo pafupifupi onse anawerenga zotsatira zawo molondola. Mu 2015 ntchito ya STAR inayamba kugawa tizidati ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ndipo mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njirayi. Awiri mwa mayiko atatuwa amakumana pa chipata cha Mwami. Ndiye wa ku Mchinji ndi mbale wake wa ku Chipata, nkhaniyi ndi yawoyawo.

Kodi mumadziwa kuti kachida ka m'kamwa, kamene ambiri amakadziwa ndi dzina loti OraQuick, sikafufuza kachilombo m'malovu? Ena amati, "Ngati akuyeza m'kamwa, ndiye kuti kupsompsonana kapena kudyera mbale imodzi n'koopsa." Ayi ndithu. Malovu safalitsa HIV. Kachidaka kamafufuza asilikali amene thupi limapanga likalowedwa ndi kachilombo, ndipo asilikaliwo amapezeka m'timadzi ta m'nkhama. N'chifukwa chake mumapaka kamodzi nkhama za kumwamba, kamodzi za kumunsi, osati lilime. Musadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 15 musanadziyeze, ndipo ngati mwangotsuka kumene m'kamwa ndi mankhwala a mano, dikirani mphindi 30.

Nanga mumadziwa kuti wotchi ndi theka la ntchito yonse? Mukaviika kachidako m'kabotolo kake, dikirani mphindi 20, ndipo muwerenge mphindi 40 zisanadutse. Kamene mwakasiya pawindo n'kupita kudimba, pobwera musakakhulupirire, chifukwa kakhoza kuonetsa kamzere kosatanthauza kanthu n'kukugonetsani ndi njala pachabe. Tchererani wotchi ya pafoni, basi.

Kuwerenga kwake n'kotere. Mzere pa C wokha: kachidaka sikanapeze chizindikiro cha kachilombo. Mzere pa C ndi wina pa T: mwina kachilombo kalipo, pitani kuchipatala akatsimikize. Pa C popanda mzere: kachidaka sikanagwire ntchito, katayeni mutenge kena, ngakhale pa T pataoneka chotani.

Kodi mumadziwa kuti mzere wofooka ndi mzerebe? Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu omwa PrEP amapunthwa. PrEP ndi mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa kuti asatenge kachilombo, ndipo akamamwa mokhulupirika amateteza kwambiri. Koma tiyerekeze kuti wina anadumpha mapiritsi sabata yathunthu, ali pa ulendo wa geni ya mtedza, kachilombo n'kulowa, iye n'kuyambiranso kumwa osadziwa. Mankhwala aja amapondereza kachilomboko osakathetsa, thupi n'kuchedwa kupanga asilikali. Zotsatira zake, mzere wa pa T ukhoza kuchedwa kutuluka, kapena kutuluka wotuwa ngati ulusi wa kangaude. Musaukane, musaukande, musanene kuti ndi maso anu akuona zawozawo. Ngakhale uoneke movutikira chotani, nyamukani tsiku lomwelo kapena mawa lake, mukauze achipatala kuti muli pa PrEP, ndi masiku amene munadumpha. Musawabisire. Sakufunsirani mlandu, akufuna adziwe mmene angawerengere magazi anu.

Kodi mumadziwa chifukwa chake achipatala sapereka PrEP munthu asanayezedwe? Piritsi la PrEP lili ndi mankhwala awiri, tenofovir ndi lamivudine kapena mbale wake emtricitabine. Ma ARV amene anthu ambiri okhala ndi kachilombo akumwa m'Malawi kuyambira 2019 ali ndi atatu: awiri oyambawo, kuwonjezapo dolutegravir. Awiri ndi okwanira kutseka pakhomo kachilombo kasanalowe, koma ndi operewera kulimbana ndi kamene kakhala kale m'nyumba. Munthu amene ali ndi HIV akamamwa PrEP, kachilomboko kakhoza kuzolowera mankhwalawo, n'kusiya kuwamva. Ichi n'chifukwa chake kubwereka mapiritsi a mnzanu, kapena kugula kwa ogulitsa mankhwala m'misika musanayezetse, n'kudzipweteka nokha.

Kodi mumadziwa kuti mzere umodzi umanena za miyezi yapita, osati za dzulo? Thupi limatenga nthawi kuti lipange asilikali okwanira kuoneka, ndipo kwa ena nthawiyi imafika miyezi itatu. Amene anagona ndi munthu popanda chitetezo Loweruka, n'kudziyeza Lolemba, n'kuona mzere umodzi, sanamve kalikonse za Loweruka lija. N'chifukwa chake woyamba PrEP amayezedwa poyamba, n'kuyezedwanso pakatha mwezi umodzi, kenako miyezi itatu iliyonse. Ndipo ngati patatha milungu iwiri kapena inayi chigonereni ndi munthu mwayamba kutentha thupi, zilonda zapakhosi, totupa pakhungu kapena mwanabere, musangoti ndi malungo a nthawi ya dzinja. Yezetsani malungowo, inde, koma nenaninso za PrEP ndi za tsiku lija.

Za Loweruka lija zili ndi mankhwala akeake. Dzina lake ndi PEP. Amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28. Kondomu ikaphulika musanayambe PrEP, kapena munthu akagwiriridwa, kothamangira ndi kuchipatala, osati kukafuna kachida kodziyezera.

Kodi mumadziwa kuti mizere iwiri ya kunyumba si chigamulo? Palibe amene amayambitsidwa ma ARV chifukwa cha kachida kodziyezera yekha. Kuchipatala cha boma pa Mchinji, ku Kapiri, ku Ludzi kapena pa chipatala chaching'ono chapafupi, aphungu amayeza magazi ndi zida zosiyanasiyana motsatizana asanakuuzeni zenizeni. Nthawi zina kachida ka kunyumba kamalakwitsa. Zikatsimikizika kuti kachilombo kalipo, amakuchotsani pa PrEP n'kukupatsani ma ARV athunthu, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Usiku wapakati pa kudziyeza ndi kupita kuchipatala ndi wautali, ndikudziwa. Ngati mulibe womuuza, imbani 54747, nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, mulankhule ndi wazaumoyo.

Kodi mumadziwa kuti amene akumwa kale ma ARV sayenera kugwiritsa ntchito kachidaka? Mankhwala akapondereza kachilombo kwa nthawi yaitali, kachida ka m'kamwa kakhoza kuonetsa mzere umodzi. Ena ataona choncho amati achira, kaya ndi mapemphero kaya ndi zitsamba, n'kusiya mankhwala. Ndimamva chisoni ndikamva zotere, chifukwa mzere umodziwo unali umboni woti mankhwala akugwira ntchito, ndipo munthu akawasiya kachilombo kamadzukanso.

Tsopano a jakisoni. Kodi mumadziwa kuti PrEP sinathere pa mapiritsi? Jakisoni wa cabotegravir, wobaya miyezi iwiri iliyonse, anayamba kuperekedwa ku Zambia mu February 2024, ndipo chaka chomwecho anayambanso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mu July 2025 WHO inavomereza lenacapavir, wobaya kawiri kokha pachaka, ndipo Zambia inali m'gulu la mayiko oyamba mu Africa kumulandira. Mankhwala a jakisoni amakhala m'thupi miyezi yambiri, kotero akhoza kubisa kachilombo kolowa kumene kwa nthawi yotalikirapo kuposa mapiritsi. Wobayitsa jakisoni amayezedwa magazi kuchipatala asanabayidwe ulendo uliwonse. Kachida ka kunyumba sikalowa m'malo mwa kuyezedwa kumeneko.

Kwa a mapiritsi nkhani ndi ina. Kuyambira 2023 WHO ikulangiza kuti kudziyeza wekha kukhoza kuthandiza munthu poyamba, poyambiranso ndi popitiriza PrEP ya mapiritsi. Zimenezi n'zothandiza kwa dalaivala wa thiraki amene tsiku lake lokayezetsa lamupeza ali pa mzere pa Mwami, kwa mayi wodutsa malire ndi katundu sabata ndi sabata, ndi kwa wogwira ntchito pa esiteti ya fodya kutali ndi chipatala. Funsani amene amakupatsani mapiritsi kuti iwo amachita bwanji, ndipo mupemphe kachida kopita nako paulendo.

Koma muzikasunga bwino. Kachida ka OraQuick sikafuna kutentha kopitirira madigiri 30. Kutsogolo kwa galimoto padzuwa la October, kapena pansi pa chishalo cha njinga yamoto ya kabaza, kamaonongeka. Onaninso tsiku lothera ntchito pa pepala lake, ndipo kamagwira ntchito kamodzi kokha.

Kodi mumadziwa kuti kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba m'Malawi anali ndi HIV, ndipo mwa iwowa pafupifupi 88 pa 100 ankadziwa mmene alili? Mwa otsalawo amene sadziwa, abambo ndi achinyamata ndiwo amatsalira kwambiri, ndipo ndi iwowa amene kachidaka kamawafikira mosavuta, poti ambiri amachita manyazi kukhala pa benchi ya kuchipatala anthu a kwawo akuona.

Ndipo mumadziwa kuti lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa? Kubweretsa tizida tiwiri kunyumba kuti mudziyeze limodzi ndi akunyumba kwanu n'chinthu chabwino, koma winayo akhale wovomera. Bwana sangakakamize wantchito wake, mwamuna sangakakamize mkazi wake. Mukaona mzere umodzi pa kachida ka bwenzi latsopano, kumbukirani miyezi itatu ija, ndipo kumbukiraninso kuti PrEP siteteza ku chindoko, chinzonono ngakhale mimba. Zimenezo ndi ntchito ya kondomu ndi njira zakulera, zomwe mukhoza kutengera pa chipatala chomwecho pamene mukukatenga mapiritsi anu.