Oyilo wofiira angakuphereni giyabokosi

Alimi anzanga a kachewere ku Bembeke, nthawi yokolola ikakwana pikapu ndiyo imatifikitsa kumsika. Koma ndaona ena akuthira oyilo wofiira uja wa ATF m'giyabokosi yosintha ndi dzanja, ati magiya amalowa msanga m'mamawa kukazizira mu June.

Zoonadi amalowa, poti oyiloyu ngopepuka ngati madzi. Vuto limadza galimoto ikasenza katundu. Hilux yodzaza matumba ikamatsika Khwekhwelere pa giya yachiwiri kupita ku Golomoti, giyabokosi imatentha, oyilo wopepukayo amalephera kuteteza mano a magiya, zitsulo n'kumadyana. Imayamba ndi kulira, mapeto ake galimoto yagona panjira, kachewere akuwola.

Sikuti ATF ngoipa ayi. Magalimoto ena, monga Mercedes-Benz zakale, anawapangira oyilo yemweyu. Koma Hilux zathu zakalezi zimafuna oyilo wa magiya wa 75W-90, wolembedwa GL-4 kapena GL-5. M'difu ndiye musayerekeze, mumafunika GL-5 basi.

Langizo langa ndi ili: werengani buku la galimoto yanu, ndipo makaniko asanathire, ayambe wakuonetsani chigubu chake.