Nkhalamba Yofuna Floppy pa Chitakale

Pa Chitakale, pamene msewu wochokera ku Limbe umapyola minda ya tiyi usanafike ku boma la Mulanje ndi kutsetserekera ku chipata cha Muloza, pali tinyumba tolemberamo makalata ndi kusindikiza mayeso a sukulu. Ndipo m'kanyumba kena kotere, tsiku lina la chiperoni phiri lonse litafunda mtambo, ndinakhala kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, kupenyerera mmisiri wachinyamata akulimbana ndi ntchito imene ambiri amayesa inatha kalekale, ndiyo kuika Windows XP m'kompyuta yopanda polowetsa disiki ya floppy.

Wina angafunse kuti nkhalamba imeneyi, imene a Microsoft anaitulutsa mu Okutobala 2001 ndi kuleka kuisamala pa 8 Epulo 2014, aifuniranji. Mwini kanyumbako ali ndi makina osindikizira akale, olimba ngati mkungudza wa m'phiri, amene samvana ndi Windows ya masiku ano. Ndipo kukagula ena ku Blantyre kukadameza phindu la miyezi yambiri. Paja mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Koma taonani pamene panagona vuto. Masiku amene XP inkabadwa, hard disk inkalumikizidwa ndi chingwe chophwatalala ngati lamba, chotchedwa IDE. Pambuyo pake kunadza kachingwe kowonda ka SATA, kamene chiyankhulo chake, cha AHCI, CD yakale ya XP siichidziwa, kotero kuti imayang'ana uku ndi uku ndi kunena mosachita manyazi kuti m'makinamo mulibe hard disk, chikhalirecho ilimo ndithu. Amene anaipanga anasiyako kakhomo kamodzi kokha: poyambirira penipeni, mawu ang'onoang'ono amaoneka m'munsi mwa sikirini kwa kamphindi, ouza munthu kuti akanikize F6 ngati ali ndi driver, ndiye womasulira pakati pa awiriwo. Womasulirayo amalandiridwa pokhapokha atabwera pa floppy. Ukampatsa pa flash akana, pa CD akananso.

Nanga floppy aipeza kuti lero? Kadisiki ka 1.44 MB, kosatha kusenza ngakhale chithunzi chimodzi cha foni yamakono, a Sony analeka kukapanga mu 2011. Ndipo tiwiri timene mwini kanyumba anatulutsa m'kabati tinali titachita chuku ndi chinyezi cha kuno, kumene mvula siichedwa kubwerera.

Mnyamatayo anayamba ndi njira yachidule. Anazimitsa makina, nawayatsanso, nakanikiza F2 kuti alowe mu BIOS, kufunafuna posinthira AHCI kukhala IDE, pakuti makina ambiri amalola hard disk yatsopano kuvala malaya akale, nkhalamba n'kuizindikira. Awa analibe posinthirapo. Sanadandaule; anangopempha tiyi, natsegula laputopu yake.

Njira yachiwiri ndiyo inandigwira mtima, popeza ndi nzeru ya msoki amene, posowa nsalu yatsopano, amapasula chovala ndi kuchisokanso. Anakopera zonse za pa CD ya XP m'laputopumo, natenga kapulogalamu kaulere kotchedwa nLite, nalowetsa driver uja m'kati mwenimweni mwa mafayilo, kuti nkhalamba inyamuke ulendo womasulira ali kale m'thumba mwake, osafunsanso za F6. Kenaka anawotcha CD yatsopano. Yoyamba inawonongeka, chifukwa magetsi anathima ili pakati, batire la laputopu nalo linali lotheratu. Ife tinang'ung'udza, iye anaseka, natikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Magetsi atabwera, CD yachiwiri inapsa bwino. Ndipo pa sikirini yobiriwira ngati thambo la mwezi wa Juni panaoneka dzina la hard disk ija inkakanidwa. Makina analonjeza kumaliza m'mphindi 39, lonjezo limene aliyense amene anaikapo XP adziwa kuti silisungidwa kawirikawiri.

Asanachoke, mmisiri anawachenjeza bambo aja, eni kanyumbako, mwaulemu kuti makinawo asawalumikize ku intaneti, pakuti alibenso mlonda, ndiponso kuti flash ya kasitomala aliyense iziyamba yayesedwa pa laputopu. Bambowo anavomera ndi mutu, maso ali pa makina osindikizira, amene tsopano anali kukhosomola ndi kulavula tsamba loyamba la mayeso a masamu a Sitandade 8.